IgG ya bambo yatsika kufika pa 3.6, kodi akwere basi ya Disembala?

Nabanda (Rosettenville): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ya bambo anga, mwina alipo wodziwa pano. Ali ndi zaka 67 ndipo akudwala khansa ya m'magazi imene madokotala amaitcha CLL. Ndi ija yoyenda pang'onopang'ono, moti poyamba sanawapatse mankhwala alionse, ankangowayeza magazi basi. Chaka chatha zotupa za m'khosi ndi m'khwapa zitakula anawaika pa kemo pamodzi ndi dripi ina yotchedwa rituximab, zotupazo zinaphwa. Koma nyengo yozizira yapitayi agonekedwa kawiri ndi chibayo, ndipo mphuno sizikuuma, mamina achikasu osatha. Lachiwiri tinalandira zotsatira za magazi, pa pepala palembedwa IgG 3.6, umene akuti ndi muyezo wa chitetezo cha m'thupi, pambali pake pali chilembo L. Adokotala akuti awatumiza kwa akatswiri a magazi kuti akaone ngati angamawapatse dripi ya ma antibody. Eni akewo mtima uli ku Mulanje, akufuna akwere basi pa Disembala kuchoka kuno ku Joni akaone munda ndi manda a mayi. Ndiwauze chiyani?

Bambo a Tadala (Turffontein): Pepani achemwali. Koma chitetezo chikatsika mankhwala ake alipo, musadandaule. Ine ndili ndi mabotolo a zitsamba, muli cham'mwamba, adyo ndi jinja. Angomwa atatu okha nambala imeneyo ikwera. Ndiyankhuleni kumbali.

Admin: A bambo a Tadala, tinagwirizana kuti malonda ndi Loweruka. Apa munthu wafunsa za matenda a kholo lake.

Che Saidi (Mayfair): Kodi CLL si ija munthu amamwa piritsi tsiku ndi tsiku n'kumagwira ntchito bwinobwino? Ngati ndi imeneyo musaope, alipo amene tikuwaona pano ali gwa.

Malume a ku Tembisa: Ayi Che Saidi, imene mukunenayo ndi CML, ndi imene ndili nayo ine. Ndimamwa imatinib. Mayina akufanana koma matenda ndi osiyana. Yathuyi imagwira mtundu wina wa maselo, ndipo ku kiliniki kwathu nkhani ya IgG sitimaimva kwenikweni. Anzathu a CLL amene timakhala nawo pa benchi ndiwo amadandaula za chifuwa nthawi zonse.

Nabanda (Rosettenville): Chimene chikundisokoneza china n'chakuti asanayambe kemo, maselo oyera a bambo anafika 90, pamene adokotala amati munthu wabwinobwino amakhala ndi 4 mpaka 11. Si asilikali a m'thupi amenewo? Nanga munthu wa asilikali ochuluka chonchi amadwaladwala bwanji?

Yamikani (Braamfontein): Achemwali, ine ndimagwira ntchito ku labu, mapepala ngati amenewo amadutsa m'manja mwanga. Ndifotokoze mmene ndikudziwira, a Sisita adzawonjezera akalowa.

Maselo oyera ali m'mitundu ingapo. Amene amapanga ma antibody ndi a mtundu wa B. Kachilombo kakalowa m'thupi, maselo a B amakhwima n'kukhala ma plasma cell, ndipo amenewo ndi amene amatulutsa ma antibody oti akamatirire kachilomboko kuti maselo ena akaone n'kukadya. Mu CLL khansayo ili m'maselo a B omwewo. Amachuluka zedi, koma onsewo ndi ochokera ku selo limodzi lowonongeka, sakhwima bwino, ndipo amapanikiza abwino amene atsala. Choncho nambala ya maselo oyera ikwera, koma ma antibody atsika. 90 ija sinali mphamvu, anali matendawo.

Ma antibody timawayeza m'magulu atatu. IgG ndi yochuluka kuposa onse, kwa munthu wamkulu imakhala pakati pa 7 ndi 16 magalamu pa lita imodzi. IgA imakhala 0.7 mpaka 4, ndipo imalondera kwambiri m'mphuno, m'chifuwa ndi m'matumbo. IgM imakhala 0.4 mpaka 2.3, ndi imene imayamba kutuluka matenda akangofika. Ma labu amasiyana pang'ono pa malire amenewa, onani amene alembedwa pa pepala lanu. L ija ikungonena kuti yatsika kupitirira malire.

Nabanda (Rosettenville): Ndaonanso pepala. IgA 0.3, IgM 0.2. Zonse zili ndi L.

Yamikani (Braamfontein): Ndi mmene zimakhalira nthawi zambiri. Komanso rituximab ntchito yake ndi kupha maselo a B, sisankha kuti ili ndi la khansa ili ndi labwino. Munthu akamaliza dripi imeneyo pamatenga miyezi 6 mpaka 12, ena kupitirira, kuti maselo a B abwerere. Ngati anamwanso prednisone nthawi yaitali, nayonso imatsitsa IgG. Kwa ine 3.6 ndi yotsika ndithu, dripi aipemphe.

Mayi a Pilirani (Randburg): Koma inu musaopsezane ndi manambala. Abwana anga aakazi kumene ndimagwira ntchito ali ndi CLL yomweyo kwa zaka zambiri, IgG yawo imangozungulira pa 4 ndi pang'ono. Sanagonekedwepo, amapita kolimbitsa thupi, dripi anawauza kuti safunika. Ndimawaperekeza ndine kuchipatala ndiye ndimamva.

Bambo a Tadala (Turffontein): Mwaona? Ndiye kuti manambala a kuchipatalawa ndi ongotidyera ndalama.

Sisita Nachisale: Ndangotuluka ku ntchito ya usiku, ndawerenga zonse. A bambo a Tadala, Mayi a Pilirani sananene zimenezo ayi.

Nabanda mwana wanga, a Yamikani afotokoza bwino koma pamodzi ndisiyana nawo pang'ono. Dokotala wa magazi sapereka dripi chifukwa cha nambala yokha. Amaika zinthu ziwiri pamodzi: nambalayo, ndi mbiri ya kudwala kwa munthuyo. Alipo a IgG yotsika amene sadwala, ngati abwana a Mayi a Pilirani, amenewo amangowayang'anira. Aliponso a IgG ya 6 amene chibayo sichiwasiya, chifukwa ma antibody ali nawowo sagwira ntchito. Malangizo amene madokotala ambiri amatsata, makamaka a ku Ulaya, amati dripi iganiziridwe ngati munthu akudwala matenda aakulu kapena obwerezabwereza, maantibayotiki sakuthandiza mokwanira, ndipo IgG ili pansi pa 4 kapena zaoneka kuti thupi silikuyankha katemera. Bambo ako zonse ziwiri zilipo, n'chifukwa chake awatumiza. Koma chimene chidzalankhule kwambiri m'chipinda muja ndi zibayo ziwiri zija, 3.6 idzangochitira umboni.

Ndiye usapite chimanjamanja. Tenga makalata onse otulutsira kuchipatala, mayina a maantibayotiki amene anamwa ndi miyezi yake, zithunzi za m'chifuwa ngati munapatsidwa, ngakhale zimene analandira ku kiliniki yaing'ono kapena kwa dokotala wolipira. Ambirife timayenda zipatala zosiyanasiyana, lero kuno mawa uko, ndipo mafayilo salankhulana. Dokotala akaona fayilo yake yokha adzaganiza kuti munthu anadwala kamodzi.

Yamikani (Braamfontein): Apo ndavomera a Sisita. Ife ku labu timaona magazi, munthuyo sitimuona.

Nabanda (Rosettenville): Zikomo a Sisita. Kusayankha katemera amadziwa bwanji?

Sisita Nachisale: Amatenga magazi, amabaya katemera wa chibayo, pakatha mwezi kapena kupitirira pang'ono amatenganso magazi kuona ngati ma antibody olimbana ndi tizilombo ta chibayo akwera. Akapanda kukwera ndiye kuti fakitale yaima. Si paliponse pamene amachita zimenezi, ndipo kwa munthu wa IgG ya pansi pa 4 amene wagonekedwa kale kawiri mwina sangavutike nazo.

Tizilombo timene timavutitsa kwambiri anthu osowa ma antibody ndi timene tili ndi chikuto kunja kwake, makamaka Streptococcus pneumoniae ndi Haemophilus influenzae. Chikutocho chimachititsa kuti maselo odya tizilombo alephere kutigwira pokhapokha antibody itamatirira kaye. N'chifukwa chake matenda ake amakhala omwewomwewo: chibayo, mphuno, makutu, nthawi zina tizilombo kulowa m'magazi. Mamina achikasu a bambo aja ndi mbali ya nkhani yomweyi, uwatchule.

Mayi a Upile (Cosmo City): Ine ndiye ndasokonezeka. Amuna anga ali ndi myeloma. Pepala lawo IgG inalembedwa 42, yokwera kwambiri, koma adokotala anati chitetezo chawo n'chochepa ndipo tisamale ndi chifuwa. Wina 3.6 chitetezo chochepa, wina 42 chitetezo chochepa. Zoona zake ndi ziti?

Yamikani (Braamfontein): Zonse ndi zoona amayi. Myeloma ndi khansa ya ma plasma cell. Selo limodzi lowonongeka limachulukana n'kumatulutsa antibody ya mtundu umodzi wokha, yochuluka zedi, imene pa pepala amailemba paraprotein kapena M protein. Makina akamayeza IgG amawerenga zonse pamodzi. Zili ngati munthu amene ali ndi thumba lodzaza makiyi koma onsewo ndi odulitsa ku kiyi mmodzi, pamene nyumba ili ndi zitseko zambirimbiri. Mukachotsa paraprotein pa 42 paja, IgG yothandiza imene yatsala ikhoza kukhala yochepa ngati ya bambo a Nabanda. Funsani zotsatira za electrophoresis, kuyeza kolekanitsa mapuloteni a m'magazi, ndi pamene pamaoneka, ndipo onaninso IgA ndi IgM zawo, mudzapeza kuti n'zotsika.

Mayi a Upile (Cosmo City): Ndapeza pepala. Paraprotein 38. Ndiye otsala ndi 4 okha?

Yamikani (Braamfontein): Pafupifupi, inde. Kuchotsera kumeneku sikulondola ndendende koma kumapereka chithunzi. Adokotala awo akudziwa, ndi chifukwa chake anakuchenjezani.

Achimwene a ku Diepsloot: Ndifunse mosabisa, pepani ngati ndilakwitse. Kutsika chitetezo kumeneku si kachilombo kaja? Chifukwa kwathu munthu akamadwaladwala chifuwa, kuwonda, zotupa m'khosi, anthu amaloza komweko.

Nabanda (Rosettenville): Achimwene simunalakwitse, achibale kumudzi ananena zomwezo mpaka bambo anasiya kuyankha mafoni. Anayezedwa, alibe.

Sisita Nachisale: Funso labwino, ndipo aliyense wopezeka ndi khansa ya m'magazi kuno amayezedwa HIV, ndi ndondomeko chabe. Koma ndi zinthu ziwiri. HIV imapha maselo a CD4, amene ndi a mtundu wa T. CLL ili m'maselo a B. Chodabwitsa n'chakuti munthu wa HIV amene sali pa ma ARV nthawi zambiri IgG yake imakhala yokwera, koma yosathandiza kwenikweni. Choncho musayerekeze IgG ndi CD4, ndipo ma ARV sangakweze IgG ya bambo a Nabanda. Chimodzi chokha chimene amafanana ndi choti onse awiri TB imawakonda. Kuno ku South Africa TB ndi yochuluka, ndiye munthu wa CLL akamatsokomola osasiya, kutuluka thukuta usiku, kuwonda, makhololo ayezedwe. Vuto lake thukuta la usiku ndi kuwonda ndi zizindikironso za khansayo, ndiye n'kosavuta kunena kuti ndi CLL yomwe ija TB ikudya munthu.

Bambo a Tadala (Turffontein): Chabwino, malonda ndasiya. Koma ndiuzeni a Sisita, cham'mwamba chalakwa chiyani? Makolo athu akhala akudya kuyambira kale.

Sisita Nachisale: Monga ndiwo sichinalakwe kanthu, adye ndi nsima, ine ndimadyanso. Munthu wodwala khansa amafunika kudya bwino. Chimene sichingachite ndi kupanga ma antibody, chifukwa chosowa si chakudya, chosowa ndi maselo opanga. Ndipo mabotolo osadziwika za m'kati amandiopsa pa chifukwa china. Odwala CLL ena amamwa ibrutinib kapena venetoclax, mankhwala amene chiwindi chimawaphwanya mwa njira inayake. Chipatso cha grapefruit chimatseka njira imeneyo, mankhwala n'kuchuluka m'magazi mpaka kuvulaza. Chitsamba cha St John's wort, chimene chimagulitsidwa m'mafamase momasuka, chimachita zosiyana, mankhwala amatha msanga osagwira ntchito. Ngati zinthu zodziwika zikuchita chonchi, nanga botolo lopanda dzina?

Malume a ku Tembisa: Za grapefruit nanenso anandiletsa pa imatinib.

Nabanda (Rosettenville): Nanga dripi ya ma antibody ili bwanji? Bambo akangomva dripi akukumbuka kemo, akukaniratu.

Mayi a Upile (Cosmo City): Auzeni kuti si kemo. Amuna anga analandirapo nyengo yozizira. Tsitsi silithothoka, kusanza kulibe. Amakhala pampando maola angapo, poyamba amaiyendetsa pang'onopang'ono kwambiri kuti aone ngati thupi lailandira. Ulendo woyamba anamva mutu ndi kuzizidwa, anesi anachepetsa liwiro zinatha. Anatiuza kuti azimwa madzi ambiri dzulo lake ndi tsiku lomwelo chifukwa cha impso.

Sisita Nachisale: Ndi choncho. Mankhwalawo ndi ma IgG otengedwa m'madzi a magazi a anthu opereka magazi, oposa 1,000 kusakaniza pamodzi, oyeretsedwa. Kuno amapangidwa ndi National Bioproducts Institute ku Pinetown, ku KwaZulu-Natal, dzina lake pa botolo ndi Polygam. Muyezo umayendera kulemera kwa munthu, 0.2 mpaka 0.4 magalamu pa kilogalamu iliyonse, milungu 3 kapena 4 iliyonse. Munthu wa makilogalamu 60 pa muyezo wapamwamba alandira magalamu 24. Chifukwa chobwerezera n'choti IgG yobwereka imatha, pakatha masiku pafupifupi 21 theka limakhala litapita. Kumayiko ena amabaya pansi pa khungu mlungu uliwonse munthu ali kunyumba.

Koma ndikuuzeni zoona zonse, musadzati Sisita anatinamiza. Dripiyi sichiza khansa ndipo sidzutsa maselo a B. Imangobweretsa IgG, IgA ndi IgM zikhalabe zotsika. Kafukufuku wamkulu woyamba pa odwala CLL anatuluka mu 1988, anapeza kuti olandira dripi milungu 3 iliyonse ankadwala matenda a mabakiteriya mocheperapo, koma sanaonetse kuti amakhala ndi moyo wautali kuposa anzawo. Kuyambira pamenepo madokotala akhala akusankha amene aipindulire, saipereka kwa aliyense. Ndi yodula, ndipo imachokera m'magazi a anthu, sikuti ilipo yambirimbiri. Imatha kubweretsa mavuto a impso kapena magazi kuundana mwa okalamba ndi a mtima. Ndiye usadabwe dokotala akanena kuti tiyambe tayesa maantibayotiki omwa mosalekeza kwa miyezi ingapo, dripi pambuyo. Si kukukaniza chithandizo ayi, ndi njira yovomerezeka.

Achimwene a ku Diepsloot: Yodulayo ife obwera atipatsa? Masiku ano ku makiliniki ena anthu akutchinga pa geti kufunsa ma ID.

Admin: Nkhani ya pa geti tinaikamba mlungu watha ndipo inatha ndi kutukwanizana. Lero tiisiye.

Sisita Nachisale: Ndingoti, madokotala a magazi a boma ali ku zipatala zazikulu monga Charlotte Maxeke ku Parktown ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto, ndipo kumeneko umalowa ndi kalata yotumizira. Nabanda kalata ali nayo ndipo bambo ali kale ndi fayilo. Za malipiro akafunse ku ofesi yoona za odwala, ndipo apemphe kuonana ndi social worker. A CANSA, bungwe lothandiza odwala khansa, nawonso amathandiza ndi uphungu.

Che Saidi (Mayfair): Tibwerere ku basi, chifukwa ndi kumene ine ndikudziwa. Achemwali, ulendo wa Disembala si wa munthu wodwala chifuwa. Kuchoka Park Station, mzere wa pa Beitbridge nthawi ya zikondwerero mumaudziwa, kenako Harare, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, Zobue, Mwanza. Masiku awiri ngati zayenda bwino. Mawindo otseka, wina akutsokomola kumbuyo, ana akudwala chimfine, zimbudzi za m'njira, chakudya chogula pa windo. Ife abwinobwino timafika titadwala. Ngati kupita n'kosapeweka sonkhani ya ndege, OR Tambo kukafika Chileka ndi maola awiri ndi pang'ono.

Nabanda (Rosettenville): Ya ndege pa Disembala Che Saidi? Ndigulitse chiyani?

Mayi a Pilirani (Randburg): Komanso musaiwale kuti ndi munthu wamkulu, ali ndi maganizo ake. Manda a mkazi wake. Mukamutsekera m'chipinda ku Rosettenville chifukwa cha pepala, mtima udzamudwalitsa kuposa chibayo. Ine bambo anga tinawaletsa kupita kwawo, anamwalira kuno akudandaula.

Sisita Nachisale: Mayi a Pilirani mwanena mawu olemera ndipo sindikutsutsani. Ine sindinena kuti asapite konse. Ndikuti Disembala uno pa basi ndi nthawi yoipa kuposa zonse. Taonani: sanaonane ndi dokotala wa magazi, chithandizo sichinayambe, ndipo ngakhale atayamba dripi mwezi wamawa, pamatenga maulendo angapo kuti IgG ikhazikike. Kumudzi Disembala ndi dzinja, malungo ali pachimake, ndipo dripi imeneyi siteteza malungo. Matenda otsegula m'mimba nawonso ndi nyengo yawo, tonse tikukumbuka kolera wa 2022 ndi 2023. Akatentha thupi usiku ku Mulanje, chipatala cha boma chilipo, Queen Elizabeth ku Blantyre iliponso, koma fayilo yawo yonse ili kuno.

Akanakhala bambo anga ndikanawapempha kuti adikire mvula ithe, apite cha mu Epulo kapena Meyi atalandira katemera wa chimfine, anyamuke patangopita masiku ochepa atalandira dripi, abwerere isanakwane nthawi ya ina. Atenge kalata ya dokotala yofotokoza matenda ndi mankhwala, maantibayotiki apaulendo ngati dokotala avomera, mankhwala oteteza malungo osankhidwa ndi dokotala yemweyo, neti, ndi choyezera kutentha kwa thupi. Koma wonena mawu omaliza ndi dokotala wawo ndi eni akewo.

Nabanda (Rosettenville): Katemera mwatchulayo, si mwati thupi lawo siliyankha? Aphindulanji?

Sisita Nachisale: Limayankha mofooka, makamaka miyezi yoyambirira pambuyo pa rituximab, koma pang'ono pomwepo ndi phindu ndipo sawavulaza. Wa chimfine ndi wa chaka chilichonse, kuno amafika cha mu Malichi kapena Epulo chifukwa chimfine chimavuta kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Wa chibayo alipo wa mitundu iwiri amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuno, Prevenar 13 ndi Pneumovax 23, dokotala adzanena ndondomeko yake. Wa COVID nayenso. Oletsedwa ndi akatemera a tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku ndi wa yellow fever, amenewo asabayidwe.

Ndipo popeza thupi lawo limayankha mofooka, bayitsani inu a m'nyumba. Iwe Nabanda, amuna ako, ana. Chimfine chimene sichinalowe pakhomo sichingawagwire.

Mayi a Upile (Cosmo City): Pa ana pomwepo ndi pamene pali nkhondo kwathu. Mdzukulu amabwera kuchokera ku kireshi mphuno zikuchucha, n'kuthamangira pa miyendo ya agogo ake. Ungamukanize bwanji?

Sisita Nachisale: Simungamukanize. Asambe m'manja akangolowa, akadwala asagone chipinda chimodzi, mawindo azitsegulidwa ngakhale kukuzizira. Koma mukamva kuti ku kireshi kwagwa katsabola kapena chikuku, imbani kuchipatala tsiku lomwelo musadikire zizindikiro, pali zimene angachite msanga. Khanda likalandira katemera wa madontho, wa poliyo kapena wa rotavirus, agogo asasinthe matewera milungu imeneyo. Mashingozi nawonso amawakonda anthu amenewa. Kuwawa koyaka mbali imodzi ya thupi, timatuza tisanatuluke n'komwe, pitani, chifukwa acyclovir amagwira bwino akayambidwa m'masiku 3 oyamba. Ena amapatsidwa acyclovir ndi Bactrim omwa nthawi zonse malinga ndi kemo imene analandira. Nabanda, ona ngati bambo anapatsidwa ndipo ngati akumwadi.

Nabanda (Rosettenville): Bactrim anapatsidwa. Anasiya okha, ankati ndi mankhwala a anthu a ma ARV, akuopa kuti alendo akawaona anena.

Sisita Nachisale: Ukawauze adokotala zimenezo momwe wandiuziramu, usawabisire. Adzaona ngati akufunikabe.

Yamikani (Braamfontein): Chinanso choti mufunse ndi nambala ya ma neutrophil, maselo oyera odya tizilombo, imakhala pa pepala la full blood count. Ndi nkhani yosiyana ndi IgG koma zikatsika zonse ziwiri ngozi imakula. Pansi pa 0.5 ndi potsika kwambiri. Komanso hepatitis B ayenera kuti anayezedwa asanalandire rituximab, chifukwa mankhwala amenewo amatha kudzutsa kachilombo kamene kanagona m'chiwindi. Ngati pali magazi ena oyeza ma antibody a matenda, atengedwe dripi isanayambe. Ikangoyamba timayamba kuona ma antibody a anthu opereka magazi, zotsatira zimasokoneza.

Che Saidi (Mayfair): Nanga akatentha thupi Lamlungu usiku? Panado, kudikira Lolemba?

Sisita Nachisale: Ayi Che Saidi, pamenepo ndiye ndikweze mawu. Kutentha kwa 38 kapena kupitirira, kunjenjemera, kupuma mobanika, kusokonezeka mutu: thamangirani ku casualty kuchipatala usiku womwewo. Panado amangobisa kutentha pamene tizilombo tikuchulukana, ndipo chibayo mwa munthu wopanda ma antibody chimatha kusintha m'maola ochepa. Pofika pa windo musangoti akudwala chimfine. Nenani kuti ali ndi leukaemia, chitetezo n'chotsika, onetsani pepala la IgG lija. Mawu amenewo amasintha malo anu pamzere. Okalamba ena satentha n'komwe, amangofooka n'kusiya kudya, chimenechonso ndi chifukwa chopitira.

Pa chakudya, nyama ndi mazira zipse bwino, mkaka ukhale wowiritsa kapena wa m'sitolo. Polony ndi nyama zozizira asiye kapena azitenthetse, amene munali kuno 2017 ndi 2018 mukukumbuka listeriosis.

Nabanda (Rosettenville): Ndawawerengera bambo zonse. Za dripi avomera atamva kuti tsitsi silithothoka. Za Epulo akuti chimanga chikhala chitacha kale, ndani ayang'anire aganyu popalira? Tikadakambiranabe.

Malume a ku Tembisa: Ndipatseni kumbali nthawi imene amakhala ali maso, ndiwaimbire. Zina zimamveka bwino zikachokera kwa mdala mnzawo wa pa benchi.

Bambo a Tadala (Turffontein): Ndifunse a Yamikani. Mwati mankhwalawo amachokera m'magazi a anthu. Ndiye achemwaliwa sangapereke awo kuti apatsidwe bambo awo mwachindunji, mtengo utsike?

Yamikani (Braamfontein): Sizitheka choncho achimwene. Madzi a magazi amasonkhanitsidwa a anthu ambirimbiri n'kukonzedwa ku fakitale, ndipo ubwino wake ndi kusakanizako, chifukwa aliyense amabweretsa ma antibody a matenda amene anakumana nawo. Magazi a munthu mmodzi sangakwane. Koma kupereka ku SANBS, bungwe lotolera magazi kuno, kumathandiza kuti zinthuzi zizipezeka. Amafuna munthu wa zaka 16 kupita m'mwamba, wolemera makilogalamu 50 kapena kuposa. Ife ochokera kumudzi amatifunsa kwambiri za malungo, kumene tinakulira ndi liti tinapitako komaliza, ndipo ena amauzidwa kuti adikire kaye. Muyankhe zoona pa fomu.

Bambo a Tadala (Turffontein): Ine ndinabwera kuchokera ku Mangochi mwezi wa Ogasiti.

Yamikani (Braamfontein): Kawauzeni choncho, akakuuzani okha tsiku loti mudzabwerenso.